Kwa mchemwali amene akufuna ntchito yothandiza anthu pa mavuto

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akumaliza maphunziro ake a ukachenjede ku Zomba. Dzina lake sinditchula. Analemba kuti wakhala akuona pa foni zimene zikuchitika ku Sudan ndi kum'mawa kwa DRC, ndipo tulo sakuliona bwino. Akufuna kutsegula tsamba pa Facebook lodziwitsa anthu za umphawi wa padziko lonse, ndipo loto lake ndi kudzagwira ntchito ku mabungwe a UN kapena ku MSF, bungwe la madokotala othandiza pa mavuto, kumayiko kumene kuli nkhondo ndi njala. Mafunso ake anali awiri: kodi kudziwitsa anthu kumathandizadi, nanga munthu wopanda womudziwa m'mabungwemo angayambire pati? Ndamupempha kuti ndiyankhire pano, chifukwa achinyamata ambiri amandifunsa zomwezi.

Mchemwali wanga, kusowa tulo kumene mukunenako musakuchitire manyazi. Nkhondo ya ku Sudan inayamba mu Epulo 2023, ndipo yachotsa m'nyumba zawo anthu oposa 12 miliyoni. Mu Ogasiti 2024 akatswiri anatsimikiza kuti ku msasa wa Zamzam, ku Darfur, kunali njala yeniyeni yopha anthu. Munthu womva zimenezi n'kusautsika mtima ndiye kuti umunthu wake uli moyo. Chimene ndikufuna tikambirane ndi chakuti chisoni chimenechi muchite nacho chiyani kuti chisangothera m'chifuwa.

Tiyambe ndi mawu akuti umphawi wa padziko lonse. Banki ya World Bank ili ndi muyezo umene imagwiritsa ntchito powerenga anthu osaukitsitsa. Mu 2022 muyezowo unali madola 2.15 pa munthu patsiku, ndipo mu Juni 2025 anaukweza kufika pa madola 3. Pa muyezo watsopanowu, anthu pafupifupi 800 miliyoni, kapena kuti mmodzi mwa anthu khumi alionse padziko, ali pansi pa mzerewo. Mu 1990 anali oposa mmodzi mwa atatu alionse. Choncho umphawi umatheka kuuchepetsa, ndipo mayiko monga China, India, Indonesia ndi Vietnam anachita zimenezi m'badwo umodzi wokha. Koma ambiri mwa otsalawo lero ali kuno ku Africa, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Malawi kuno, pa muyezo wa madola 2.15 uja, anthu pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi alionse ankawerengedwa kuti ndi osaukitsitsa. Ngakhale pa muyezo wathuwathu, kafukufuku wa ofesi ya boma ya ziwerengero ya NSO wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka.

Ndiye mukaona mwana wasukulu wa ku London kapena ku Toronto akusonkhetsa ndalama kuti athetse umphawi wa padziko lonse, dziwani kuti akukamba za ku Makhanga, za ku Nkhulambe, za mayi wogulitsa zitumbuwa pa geti la koleji yanu. Iyeyo afunika ndege kuti akaone chimene inu mumachidutsa popita m'kalasi. Pa ntchito imene mukuifunayi, umenewu ndi mwayi waukulu, ndipo achinyamata athu ambiri sauona chifukwa maso ali kutali.

Pa funso loyamba, yankho langa ndi lakuti kudziwitsa anthu kumathandiza ngati mukudziwa amene mukumuuza ndi chimene mukufuna kuti achite akamva. Agogo a ku Nsanje amene akukumba nyika m'dambo kuti adzukulu agone atadya safunika wowauza kuti kuli umphawi. Chimene chimasowa pakati pathu ndi kumvetsa gwero lake, ndiponso kudziwa chimene munthu ayenera kulandira mwaufulu. Katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998, anaonetsa kuti nthawi zambiri njala imapha anthu chakudya chilipo m'dziko, kungoti osauka alibe mphamvu yochipezera. Ife tinaziona mu 2002. Mvula inavutadi, koma chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, mtengo pamsika unakwera kangapo m'miyezi yochepa, ndipo anthu anagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wozizira, ena n'kumadya madeya ndi mizu ya nthochi. Tsamba limene lingafotokoze nkhani ngati imeneyi m'Chichewa chomveka ndi losowa kwambiri.

Fotokozani mmene kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunafikira pa thumba la fetereza, kuchoka apo n'kufika pa mlimi amene anasiya munda wake m'Januwale kukagwira ganyu m'munda wa wina, motero chaka chotsatiracho anakolola zochepa kuposa kale. Fotokozani chifukwa chake mu Marichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Uzani anthu kuti Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ndi wa mabanja osaukitsitsa amene alibenso munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo palibe mfumu kapena wa komiti woyenera kudulapo kanthu. Uzani amayi za kalamba kaja koyezera mkono wa mwana, kuti kakaonetsa kufiira, kutanthauza kuti mkono sunakwane masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Uthenga wotere umafika pa munthu n'kusintha zochita zake. Chithunzi cha mwana wotupa mimba chokhala ndi mawu akuti tiwapempherere chimangopeza anthu odina chizindikiro cha misozi, mawa aiwala.

Pa zithunzi ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndinaphunzira movutikira. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, ndinali m'gulu la anthu ogawa katundu pa msasa wina umene unali pa sukulu ya pulayimale m'chigawo cha kum'mwera. Anthu ankagona m'makalasi, mabanja ambirimbiri m'chipinda chimodzi. Tinauzidwa kuti tijambule zithunzi za lipoti. Ndinaloza foni kwa mayi wina wachikulire amene anali atangolandira ufa ndi ndowa. Anakweza dzanja n'kundiuza kuti, mwanawe dikira. Analowa m'kalasi, anabwereka chitenje choyera kwa mnzake, anamanga duku bwinobwino, anasamba kumaso, kenako anatuluka n'kuima chilili akumwetulira. Mnzanga wina anadandaula kuti chithunzi chotere sichionetsa mavuto. Mayiwo anali atataya nyumba, mbuzi, ndi munda wonse, koma sanafune kuti dziko liwaone ali mbuu ngati munthu wopanda kwawo. Kuyambira tsiku limenelo sindijambula munthu ndisanamufunse, sindiika nkhope ya mwana pa intaneti popanda kholo kuvomera likudziwa kumene chithunzicho chikupita, ndipo ndimadzifunsa ngati ndingalole kuti mayi anga ondibereka aoneke choncho. Pa tsamba lanu, anthu azilankhula okha, ndi mawu awo, za chimene anataya ndi chimene akuchita kuti adzukenso.

Tsopano za ntchito. Anthu ambiri amaganiza kuti chofunika ndi mtima wachifundo. Mtimawo ndi umene umakufikitsa pakhomo, koma amene amalemba ntchito amafunsa chimene manja ako amadziwa kuchita. Mu 1994, anthu othawa ku Rwanda atakhamukira ku Goma, kum'mawa kwa dziko limene lero ndi DRC, kolera ndi kamwazi zinapha anthu masauzande makumimakumi m'masabata ochepa, mabungwe ali pomwepo ambirimbiri, ena osadziwa chimene akuchita. Manyazi a nthawi imeneyo ndi amene anabala miyezo yotchedwa Sphere mu 1997. Miyezoyo imanena zinthu zowerengeka: munthu apeze madzi osachepera malita 15 patsiku, chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20 zinthu zikayamba kukhazikika, chakudya chipatse munthu mphamvu yokwana makalori 2,100 patsiku. Msasa wa anthu 3,000 ndiye kuti ukufuna malita 45,000 tsiku lililonse ndi zimbudzi 150. Wina ayenera kudziwa kumene madziwo achokere, klorini wothira ndi wochuluka bwanji, zimbudzi za amayi zikumbidwe pati kuti asamaope kupitako usiku. Imeneyo ndiye ntchitoyo.

Ife tikudziwa mtengo wa kulephera pa zimenezi. Kolera imene inayambira ku Machinga mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Amene anaigonjetsa anali anamwino, alangizi a zaumoyo oyenda khomo ndi khomo, okonza mijigo, madalaivala onyamula madiripu, osunga katundu m'nyumba zosungiramo mankhwala. Ndiye dzifunseni kuti luso lanu ndi liti. Pakufunika anthu a zaumoyo, a kadyedwe koyenera, a madzi ndi ukhondo, owerengera ndalama, oyendetsa katundu, osanthula manambala, oteteza ana ndi amayi ku nkhanza, aphungu a anthu osweka mtima. Ku LUANAR amaphunzitsa za kadyedwe ndi ulimi, ku KUHeS za umoyo, ku MUBAS za ukhondo wa malo okhala, ndipo ku MUST kuli digiri ya kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi. Simunandiuze chimene mukuphunzira, koma chilichonse chimene chili, musachitaye poganiza kuti ntchito yothandiza anthu ili ndi sukulu yakeyake. Wowerengera ndalama wokhulupirika amapulumutsa anthu ambiri ngakhale sanagwirepo mwana wodwala.

Musaganizenso kuti nzeru za ntchitoyi zimangochokera kunja kubwera kuno. Chiponde chimene lero chikuchiritsa ana onyentchera ku Sudan ndi ku Yemen chinapangidwa koyamba ku France, koma umboni waukulu wakuti mayi angathe kuchiritsa nacho mwana wake kunyumba, osagonekedwa m'chipatala milungu yambiri, unapezeka kuno: ku Blantyre, kumene dokotala Mark Manary anachiyesa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi ku Dowa, kumene njira yochizira ana m'midzi inayesedwa mu 2002. Bungwe la Mary's Meals, limene likudyetsa ana asukulu m'mayiko ambiri, linayambira ku Malawi mu 2002, ndipo amene amadzuka m'bandakucha kuphika phalalo ndi amayi a m'midzi ongodzipereka.

Poyambira penipeni ndi pafupi. M'mudzi kapena m'dera lililonse muyenera kukhala komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene imalumikizana ndi khonsolo ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zotere ya DoDMA. Pitani ku ofesi ya DC mukafunse amene amayang'anira za ngozi, mudzipereke. Bungwe la Malawi Red Cross Society lili ndi nthambi m'maboma, limaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo anthu ake ongodzipereka ndi amene amayamba kuitanidwa madzi akasefukira. Mipingo ndi mizikiti nayo ili ndi nthambi zachitukuko. Khomo lina limene ambiri tinalowera ndi la kalembera: mabungwe amalemba achinyamata kwa sabata ziwiri kapena zitatu kuti akafunse mafunso m'midzi pogwiritsa ntchito tabuleti. Phunzirani KoboToolbox, pulogalamu yolembera mayankho pa tabuletiyo, ndi Excel musanaitanidwe. Pa intaneti pali maphunziro aulere pa Kaya ndi pa DisasterReady, ndipo ntchito zambiri zimalengezedwa pa ReliefWeb ndi pa tsamba la UN Volunteers. Muziwerenga zotsatsa ntchitozo ngakhale musanakonzeke kufunsira, kuti muone luso limene likubwerezedwabwerezedwa.

Zilankhulo musazipeputse. Ku Chigwa cha Shire munthu womva Chisena amamva zimene womasulira akanazisiya panjira. Chiyao, Chilomwe ndi Chitumbuka n'chimodzimodzi. Chipwitikizi chimakutsegulirani Mozambique, kumene namondwe wa Idai anasakaza Beira mu 2019 ndipo ku Cabo Delgado anthu akuthawa nkhondo kuyambira 2017. Chifalansa ndi Chiswahili zimakutsegulirani DRC imene mukuilirayo. Ndipo kuti muone anthu a ku DRC simufunika pasipoti. Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 10,000 kapena 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Muli ana obadwira momwemo amene tsopano ndi makolo. Chaka chimodzi chophunzitsa kapena kuthandiza pa chipatala kumeneko chingakuphunzitseni zambiri za moyo wa othawa kwawo, ndipo mabungwe akunja akamasankha wotumiza ku dziko lina amayang'ana amene anagwirapo kale ntchito yotere kwawo kwa zaka zingapo.

Ndikanakhala wosakukondani ndikanalekera pomwepa. Nthawi imene mukufuna kulowayi ndi yovuta. Mu 2025 boma la America linatseka USAID, bungwe lake lopereka thandizo ku mayiko ena, mayiko ena a ku Ulaya nawo anachepetsa thandizo, ndipo Amalawi ambiri odziwa ntchito, a zaka khumi kapena kuposa m'mabungwe, ali pakhomo. Mudzapikisana nawo. Makontrakiti ambiri ndi a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo pulojekiti ikatha mumayambiranso kufunsira. Mudzapeza mlendo wochokera kunja, wamng'ono kwa inu, akulandira kangapo kuposa inu pa ntchito imene mukumuphunzitsa ndinu. Mu 2016, pa msonkhano waukulu wa za ntchito yothandiza anthu ku Istanbul, opereka thandizo analonjeza kuti pofika 2020 gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama lizipita kwa mabungwe a m'mayiko momwemo, koma lonjezolo silinakwaniritsidwe. Zimenezi zimandipweteka, ndipo ndikufuna m'badwo wanu udzazikane mokweza kuposa mmene ife tachitira.

Kulinso imfa. Tsiku la 19 Ogasiti limakumbukiridwa chaka chilichonse chifukwa pa tsikuli mu 2003 bomba linapha anthu 22 pa likulu la UN ku Baghdad, kuphatikizapo mtsogoleri wawo Sérgio Vieira de Mello. Mu 2024 anaphedwa ogwira ntchito yothandiza anthu oposa 350, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo, ndipo ochuluka zedi anali eni dziko, ogwira ntchito kwawo. Makolo anu ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa inu musanasaine pepala lopita kumalo a nkhondo.

Koma chimene chimagwetsa anthu ambiri kuno si chipolopolo. Ndi kaundula. Tsiku lina mudzakhala pansi pa mtengo ndi mndandanda wa mabanja 200, pamene ovutika m'mudzimo ndi 500. Mfumu idzakunong'onezani dzina la mlamu wake. Mnzanu wa ntchito adzakuuzani kuti tiwonjezere mayina asanu a anthu kulibe, matumbawo tigawane, palibe adzadziwe. Wina adzakusainitsani alawansi ya msonkhano umene sunachitike. Ine ndinaonapo mayi wamasiye akubwerera chimanjamanja dzuwa litalowa chifukwa dzina lake linasinthanitsidwa ndi la munthu wokhala ndi golosale, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndinasaina pepalalo osaliwerenga bwino. Tinakonza patapita sabata, koma sabata imeneyo ana ake anadya chiyani? Mpaka lero ndimawerenga dzina lililonse mokweza pamaso pa mudzi wonse ndisanasaine.

Choipitsitsa ndi amuna amene amauza mtsikana kuti ugone nane kuti dzina lako lilowe. Lipoti la mu 2002 la ku misasa ya ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone linaulula khalidwe limeneli, ndipo silinathe. Munthu wogwira thumba la chimanga pakati pa anthu anjala ali ndi mphamvu yoopsa. Bungwe lililonse lolongosoka lili ndi njira yokanenera zotere mwachinsinsi, ndipo tsiku loyamba pa ntchito mufunse kuti njirayo ndi iti. Inunso ngati mtsikana wofuna ntchito mudzakumana ndi okuuzani kuti tionane madzulo tikambirane za CV yanu, kapena otumiza uthenga pa WhatsApp kuti tumizani ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Mabungwe a UN salipiritsa munthu pofunsira ntchito, ndipo bungwe loona silichita zimenezo.

Mfundo zimene ntchitoyi imayendera ndi zinayi: umunthu, kusakondera, kusalowerera mbali pa mkangano, ndi kudziimira paokha. Mizu yake ili kwa Henry Dunant, amene anaona asilikali ovulala atasiyidwa pa bwalo la nkhondo ku Solferino, ku Italy, mu 1859 n'kusonkhanitsa amayi a m'midzi yapafupi kuti awasamalire posayang'ana mbali imene ankamenyera. Kwa ife kusakondera kumatanthauza kuti thumba lipite kwa wovutikitsitsa, kaya ndi wa chipani chiti, mpingo uti, mtundu uti, ngakhale amene akugawa atavala nsalu ya chipani akukuyang'anani.

Nkhani ya amayi a ku Solferino imandikumbutsa za kwathu. Matope atatsika m'phiri la Soche usiku uja mu Marichi 2023 n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, oyamba kufika sanali a galimoto zoyera za mabungwe. Anali anansi, ndi makasu ndi mafosholo, ena ndi manja okha, mvula ikugwabe. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndi kusowetsa pokhala oposa 600,000, ndipo ambiri mwa opulumuka anakokedwa m'madzi ndi munthu wowadziwa dzina. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, dziko lino linasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri analandiridwa m'midzi ya ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu, n'kupatsidwa pogona ndi polima ndi anthu amene nawonso analibe zambiri. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo anthu a m'malire aja anachita zimenezo osadikira pulojekiti. Mukadzavala chikwangwani cha bungwe pachifuwa, mudzakhala mukulowa ntchito imene anthu amenewa anaiyamba kale, ndipo muziwafunsa iwo poyamba chimene chikufunika.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mvula isanayambe, pitani ku ofesi ya Red Cross kapena ya khonsolo ku Zomba konko mukalembetse dzina, ndipo mufunse madera a kufupi ndi nyanja ya Chilwa amene madzi amavuta chaka ndi chaka. Malizani phunziro limodzi laulere la miyezo ya Sphere ndi lina la kuteteza anthu ku nkhanza. Tsamba lanulo litseguleni, koma nkhani yoyamba ikhale ya munthu mmodzi wa m'dera lanu amene mwakhala naye pansi, mwamumvetsera, ndipo wavomera kuti mulembe. Mukatero mundilemberenso, mundiuze chimene mukuphunzira ku koleji, kuti tione limodzi khomo limene luso lanulo lingagogode.